Mbiri ya Bwalo Lamilandu la Ana ku America

Kodi mwana akapalamula mlandu waukulu aziweruzidwa ngati munthu wamkulu? Nanga dzina lake likhale m'kaundula wa zigawenga moyo wake wonse? Mafunso awiriwa si alero ayi. Dziko la America lalimbana nawo kwa zaka zoposa 120, ndipo mbiri yake ikuonetsa kuti pamene anthu adaganiza mofatsa adamuona mwana monga mwana, koma pamene adagwidwa ndi mantha kapena chidani adamusandutsa wamkulu kuti amulange koopsa.

Poyamba Amereka ankatsata malamulo omwe adatengera kwa Angerezi. Mwana wosakwana zaka 7 sankaimbidwa mlandu. Wa zaka zapakati pa 7 ndi 14 ankatha kuzengedwa ngati bwalo lakhutira kuti ankadziwa kusiyanitsa chabwino ndi choipa. Yemwe wapitirira zaka 14 anali wamkulu basi. Motero anyamata akuba malasha kapena buledi ankagona m'chitolokosi chimodzi ndi mbava zokhwima, ndipo ambiri ankatulukamo ataphunzira ukatswiri wa kuba.

Zimenezi zidakhudza amayi ena a mumzinda wa Chicago, monga Lucy Flower ndi Julia Lathrop, omwe ankagwira ntchito pakati pa amphawi. Chifukwa cha khama lawo, chigawo cha Illinois chidakhazikitsa lamulo latsopano m'chaka cha 1899, ndipo bwalo loyamba la ana osakwana zaka 16 lidatsegulidwa mumzindawo. Woweruza adayenera kukhala ngati kholo, kufunsa chimene chidamufikitsa mwanayo pamenepo ndi chimene chingamuwongole. Zolembedwa za mlandu zinkasungidwa padera kuti chitonzo chisamutsate mwanayo akadzakula. Nzeru yake inali yomwe makolo athu ankaidziwa kale, yoti kuwongola mtengo mpoyamba. Pofika 1925 zigawo zonse, kupatula ziwiri, zinali ndi mabwalo otere.

Komabe chifundochi sichidafikire mwana aliyense. M'mwezi wa Marichi 1944, m'tauni ya Alcolu ku South Carolina, asungwana awiri achizungu adapezeka ataphedwa. Apolisi adamanga George Stinney, mnyamata wachikuda wa zaka 14, namufunsa mafunso popanda makolo ake kapena loya. Mlandu wake udazengedwa m'bwalo la akuluakulu tsiku limodzi lokha. Gulu la azungu okhaokha lomwe lidapatsidwa udindo wogamula lidakambirana kwa mphindi pafupifupi 10, n'kumupeza wolakwa. Pa 16 Juni chaka chomwecho adaphedwa pampando wamagetsi. M'chaka cha 2014 woweruza Carmen Mullen adafafaniza chigamulocho ponena kuti mnyamatayo sadaweruzidwe mwachilungamo. Dzina lidayera patapita zaka 70, koma mwini wake anali ali m'manda kalekale.

Nalo bwalo la ana linali ndi chilema chake. Popeza linkadzitcha kholo, silinkaona chifukwa chopatsira mwana loya kapena mwayi wofunsa mboni mafunso. M'chaka cha 1964 Gerald Gault, wa zaka 15, wa ku Arizona, adamuneneza kuti adatukwana mayi wina patelefoni. Woweruza adalamula kuti akasungidwe kusukulu yowongolera khalidwe mpaka atakwana zaka 21. Chikhala kuti anali wamkulu, chilango chake sichikadaposa miyezi iwiri m'ndende kapena chindapusa cha madola 50. Mu 1967 Bwalo Lalikulu Kwambiri la dzikolo lidagamula kuti mwana nayenso ali ndi ufulu wokhala ndi loya, wodziwitsidwa mlandu wake, ndi wosakakamizidwa kudzineneza yekha.

Mphepo idatembenuka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene milandu yakupha pakati pa achinyamata idachuluka chifukwa cha mfuti ndi malonda a mankhwala ozunguza bongo. Mu 1995 mphunzitsi wina wa payunivesite, John DiIulio, adalosera kuti kukubwera mbadwo wa ana ankhanza opanda chikumbumtima. Andale adawagwira mawuwo ndi manja awiri. Pakati pa 1992 ndi 1997 zigawo 45 zidasintha malamulo kuti kukhale kosavuta kutumiza ana kumabwalo a akuluakulu. Ochirikiza maganizowa anali ndi mfundo yosafunika kuinyoza: banja loferedwa silimva kupepuka chifukwa choti wakupha m'bale wawo ngwamng'ono, ndipo mudzi uyenera kutetezedwa. Koma ulosi uja sudapherezeke. Milandu yachiwawa ya achinyamata idayamba kutsika chapakati pa zaka za m'ma 1990, ndipo mwini ulosiyo adadzavomera kuti adaphonya.

Zotsatira za malamulo okhwimawo zidaonekera pambuyo pake. Mu 2007 bungwe la boma loona zaumoyo la CDC lidafalitsa zimene akatswiri adapeza, zoti ana ozengedwa ngati akuluakulu ankabwereza kupalamula kuposa anzawo otsala m'mabwalo a ana. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chosavuta kuchimvetsa. Mbiri ya mlandu wa m'bwalo la akuluakulu sibisika. Wolemba ntchito amaiona, mwini nyumba ya lendi amaiona, ndipo m'zigawo zina imalanda munthu ufulu woponya voti. Mnyamata amene adalakwa ali ndi zaka 15 amapeza makomo otseka ali ndi zaka 30. Njira zachilungamo zikatsekeka, yobwerera kuumbava ndiyo imatsala pululu.

Pang'onopang'ono Bwalo Lalikulu lija lidayamba kubweza zinthu m'chimake. Mu 2005 lidaletsa chilango cha imfa kwa aliyense amene adapalamula asanakwane zaka 18. Mu 2012 lidathetsa malamulo okakamiza woweruza kupereka kwa mwana ukaidi wa moyo wonse wopanda mwayi wodzatuluka. Oweruza adatsamira pamfundo zitatu: mwana sanakhwime maganizo, amatengeka msanga ndi anzake, ndipo khalidwe lake likadali lotheka kusintha. Ngakhale zili choncho, malamulo a m'zigawo zambiri amalolabe kuti ana ena azengedwe ngati akuluakulu, ndipo America sidavomereze Pangano la Ufulu wa Ana lomwe bungwe la United Nations lidakhazikitsa mu 1989. Dziko la Malawi lidalowa m'panganoli mu 1991, ndipo lamulo lake la 2010 losamalira ndi kuteteza ana lidakhazikitsa mabwalo apadera oweruzira ana.

Mbiriyi sikuphunzitsa kuti mwana wolakwa azingosiyidwa. Wovulaza mnzake ayenera kuyankha, ndipo wolakwiridwa ayenera kumvedwa. Chimene ikuphunzitsa n'chakuti chilango chiyenera kukhala ndi malekezero, chifukwa munthu wa zaka 14 sanathe kuumbika. Malamulo opangidwa mtima uli m'mwamba adapha George Stinney ndipo adatsekera zikwi za anyamata njira ya ntchito, koma sadabweretse mtendere umene adalonjeza. Mtundu wofuna kuti ana ake olakwa adzakhale nzika zothandiza uyenera kuwasiyira khomo lobwererapo.