Mungalipire Zingati? Mbiri ya Funso Lomwe Linaluzitsa Azakhali Anga

Tchuthi cha chaka chatha azakhali anga anandiitana kunyumba kwawo. Iwo amasinja chiponde n'kumagulitsa m'timapepala pakhomo, koma nthawi imeneyo anali ndi maganizo okuza bizinesi: kugula mabotolo, kumata chizindikiro chawo, n'kukasiya katunduyo m'magolosale. Anati, "Iwe ndiye wakusukulu ya zamalonda, tandifunsire anthu ngati angagule." Ndinatenga kope n'kuyamba kuzungulira m'dera mwathu ndi funso limodzi: botolo ili mungalipire zingati? Aliyense anatchula mtengo wabwino, ena mpaka anawonjezera mawu olimbikitsa. Azakhali anakongola ndalama kubanki m'khonde, anagula mabotolo, ndipo patatha mwezi ambiri anali akadali pashelefu. Ngongole ija anaibweza ndi ndalama za nkhuku zawo.

Nditabwerera kuyunivesite tinaphunzira njira yotchedwa conjoint analysis, ndipo ndinazindikira kuti vuto lomwe linandigwetsa lakhala likusautsa akatswiri kwa zaka zoposa 50. Ndinayamba kutsata mbiri yake, ndipo ndi imene ndikufuna kukugawirani.

Oyambitsa sanali amalonda. M'chaka cha 1964, R. Duncan Luce, katswiri wa masamu pa maphunziro a kaganizidwe ka munthu, ndi John Tukey, katswiri wa ziwerengero, anasindikiza pepala mu Journal of Mathematical Psychology. Vuto lawo linali la kuyeza. Kutalika timayeza polumikiza ndodo, kulemera timayeza pasikelo. Nanga kukonda chinthu tingakuyeze ndi chiyani? Iwo anasonyeza kuti ngati zinthu ziwiri zikugwira ntchito pamodzi, ndipo munthu angathe kungonena kuti ichi chikuposa icho, m'ndandanda wa mayankho akewo mungatuluke muyeso wa chinthu chilichonse pachokha, bola mayankhowo asamatsutsane. Patatha zaka ziwiri, mu 1966, katswiri wa zachuma Kelvin Lancaster anabweretsa ganizo logwirizana nalo: chimene wogula amafuna si katundu yekhayo ayi, koma zimene zili m'katundumo. Wogula sopo akugula thovu, fungo ndi kukhalitsa kwake.

Amene anatengera maganizowa kumsika ndi Paul Green wa ku Wharton School mumzinda wa Philadelphia. Mu 1971 iye ndi Vithala Rao analemba mu Journal of Marketing Research kuti masamu a Luce ndi Tukey angathandize kumvetsa ogula. Mu 1975 Green ndi Yoram Wind anafotokozera akuluakulu a makampani njirayi mu Harvard Business Review, ndipo chitsanzo chawo chimaphunzitsidwabe: mankhwala otsukira kapeti. Panali mbali zisanu. Kapangidwe ka chotengera kanali ka mitundu itatu, mayina atatu, mitengo itatu ($1.19, $1.39 ndi $1.59), kukhala kapena kusakhala ndi chidindo cha magazini ya Good Housekeeping, komanso lonjezo lobweza ndalama kapena ayi. Mukachulukitsa mupeza mitundu 108 ya katundu. Palibe amene angapirire kuyerekeza zinthu 108, choncho anasankha mwaluso makadi 18 okha, okonzedwa mwakuti mbali iliyonse iwonekere mofanana ndi zinzake. Wofunsidwa ankangoyala makadiwo kuyambira lomwe walikonda kwambiri mpaka lomaliza. Dzina loti conjoint analysis linakhazikika mu 1978 kudzera m'pepala la Green ndi V. Srinivasan.

Luso lake lili pakuti munthu safunsidwa mtengo mwachindunji. Mtengo umangokhala mbali imodzi pakati pa zinzake, ndipo munthu amaonetsa yekha chimene angalolere kutaya kuti apeze china. Tiyerekeze ndi chiponde cha azakhali, ndi manambala ongopeka. Tinene kuti mayankho aonetsa kuti kukweza mtengo kuchoka pa K4,000 kufika pa K5,000 kumachotsa mapointi awiri pa chikhutiro cha wogula. Ndiye kuti pointi imodzi ndi K500. Ngati botolo lapulasitiki likuposa pepala ndi pointi imodzi, wogulayo angawonjezere K500 chifukwa cha botolo, osati kuposa apo. Botololo ndi chizindikiro chake zikadya K700, bizinesi yaluza isanayambe. Masamu awa ndi amene ine ndinalibe.

Nthawi yomweyo kunali mtsinje wina wa maganizo ku California. Daniel McFadden wa ku yunivesite ya Berkeley ankafufuza mmene anthu amasankhira njira yopitira kuntchito pamene sitima za BART zinkayamba kuyenda m'dera la San Francisco. Iye anatenga zimene anthu ankachitadi mu 1972, yaani ndani akuyenda pagalimoto, ndani pabasi, ndipo zikuwadyera nthawi ndi ndalama zingati. Masamu ake ananeneratu kuti 6.3 peresenti ya anthuwo adzakwera sitima. Akuluakulu oona za mayendedwe ankayembekezera 15 peresenti. Atawerenga mu 1975 anapeza 6.2 peresenti. Ntchito imeneyi ndi imene inamupezetsa mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2000, yomwe anagawana ndi James Heckman.

Mu 1983 Jordan Louviere ndi George Woodworth analumikiza mitsinje iwiriyi. M'malo moyala makadi, wofunsidwa amaonetsedwa katundu awiri kapena atatu n'kusankha mmodzi, monga amachitira musitolo, ndipo angathenso kunena kuti palibe chomwe angagule. Yankho lomalizali ndi lofunika kwambiri, chifukwa pamsika weniweni kubwerera chimanjamanja ndi chisankho chimene anthu ambiri amapanga. Chaka chomwecho Richard Johnson anayambitsa kampani ya Sawtooth Software, yomwe mapulogalamu ake a pakompyuta anafikitsa njirayi kwa ofufuza wamba.

Umboni woti njirayi ingamange bizinesi unachokera ku mahotela. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, kampani ya Marriott inkafuna hotela ya anthu oyenda pantchito amene safuna zapamwamba kwambiri. Green, Wind ndi anzawo anayesa mbali pafupifupi 50, kuyambira kukula kwa chipinda, dziwe losambira, malo odyera, mpaka zinthu za kubafa, chilichonse ndi mtengo wake. Zotsatira zake zinathandiza kupanga Courtyard by Marriott, yomwe hotela yake yoyamba inatsegulidwa ku Atlanta mu 1983. Apa kafukufuku anauza kampani zoti iike, komanso zoti isawononge ndalama kuziika chifukwa alendo sangazilipire.

Komabe bala lija la funso langa silinapole lonse. Kusankha pakhadi sikupweteka m'thumba. Akuluakulu anati fodya ndi uyu ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo ndalama ya pakafukufuku ndi yapachala. Akatswiri anazidziwa kalekale. Mu 1964 momwemo Gordon Becker, Morris DeGroot ndi Jacob Marschak anakonza njira yokakamiza chilungamo: mumatchula mtengo wanu, kenako mtengo wina umatuluka mwamaere. Wanu ukakhala wofanana kapena woposa wamaerewo, mugula pamtengo wamaere. Ukachepa, simugula. Wokweza mtengo mwabodza angagule chinthu modula, wotsitsa mwabodza angachiphonye, choncho kunena zoona ndiye kopindulitsa. Mu 2005 Min Ding, Rajdeep Grewal ndi John Liechty anayesa zofanana ndi conjoint analysis mu lesitilanti ya zakudya za ku China. Anthu atadziwa kuti chakudya chimene asankhe adzadyadi n'kulipira, anayamba kusamala kwambiri za mtengo, ndipo mayankho awo ananeneratu bwino zimene anagula pambuyo pake.

Njirayi inafikanso kukhoti. Pamlandu wa Apple ndi Samsung mu 2012, John Hauser wa ku MIT anachitira Apple kafukufuku wosonyeza kuti eni mafoni a Samsung angawonjezere mpaka $100 chifukwa cha kagwiridwe katatu ka sikilini komwe Apple inkati ndi luso lake lotetezedwa. Mu Ogasiti chaka chimenecho khoti linalamula Samsung kulipira ndalama zoposa $1 biliyoni, ngakhale chiwerengerochi chinadzasintha pambuyo pake. Koma Apple itapempha kuti mafoniwo aletsedwe pamsika, woweruza Lucy Koh anakana. Mwa zifukwa zake chinali chakuti kudziwa ndalama zimene munthu angawonjezere pa mbali ina ya foni si umboni wakuti mbali imeneyo ndiyo inamugulitsa foniyo. Ine ndimaona kuti mfundoyi aliyense wophunzira zamalonda ayenera kuisunga. Nambala ya kafukufuku imanena za wogula yekha. Mtengo wa pamsika umadaliranso opikisana nawo ndi ndalama zopangira katunduyo.

Kuno kwathu njirayi yagwirapo ntchito m'malo omwe si amalonda. Mu 2008 Lindsay Mangham ndi Kara Hanson anasindikiza kafukufuku wa anamwino a m'zipatala za boma m'Malawi, panthawi imene ambiri ankachoka kupita kumabungwe ndi kunja. Anamwinowo ankasankha pakati pa ntchito zongoyerekeza zosiyana malipiro, nyumba, malo ndi zina. Zinaoneka kuti malipiro ndi ofunika, koma mwayi wopitiriza maphunziro ndi nyumba ya boma zinalinso ndi mphamvu yaikulu. Boma lopanda ndalama zokwanira kukweza malipiro a aliyense lingapindule kudziwa zimenezi.

Nditawerenga zonsezi, maganizo anga ndi akuti njirayi ndi yabwino kuposa funso langa lija, koma ili ndi malire awiri amene ife tiyenera kuwaopa kwambiri. Loyamba: imangoyankha za zomwe zili pakhadi. Wolemba makadi ndiye amasankha zimene wogula aganizire, ndipo chimene waiwala chimatuluka ngati chopanda ntchito. Wophunzira wokopera mafunso m'buku la ku America n'kukafunsa anthu a ku Mchesi kapena ku Ndirande adzapeza manambala okongola a mafunso olakwika.

Lachiwiri: kufuna kulipira ndi kutha kulipira zimaoneka ngati chinthu chimodzi m'masamuwa, pomwe m'moyo ndi zosiyana. Jessica Cohen ndi Pascaline Dupas anayesa mitengo yeniyeni ya maneti a udzudzu kwa amayi apakati m'zipatala za ku Kenya, ndipo anasindikiza zotsatira mu 2010. Neti itachoka pa ulere kufika pa $0.60, mwa amayi 100 aliwonse otenga neti anachepa ndi 60. Wina angawerenge zimenezi n'kunena kuti amayiwo saiona neti ngati chinthu chofunika. Ine ndikuti m'thumba munalibe. Pa hotela kapena foni kusiyanaku sikupha munthu. Pa madzi, mankhwala kapena fizi ya sukulu, nambala yotsika ya osauka ingasanduke chifukwa chowamana chinthucho. Ambiri a ife tikamaliza maphunziro tidzalembedwa ntchito yosonkhanitsa manambala otere m'mabungwe ndi m'makampani, ndipo dzina lathu lidzakhala pa lipotilo.

Za azakhali zinatha chonchi. Iwo eni, popanda ine, anaona kuti makasitomala awo sankakana chiponde kapena botolo. Ankakana kutulutsa ndalama yambiri tsiku limodzi, chifukwa ambiri amapeza ya tsiku lomwelo. Anabwerera ku timapaketi tating'ono, ndipo mabotolo ochepa amasungira aphunzitsi ndi ena olandira pamwezi. Kukula kwa paketi ndiyo inali mbali yofunika kuposa zonse, ndipo ine sindinaifunse n'komwe. Ngakhale ndikanadziwa conjoint analysis nthawi imeneyo, sindikhulupirira kuti ndikanailemba pakhadi.

Chaka chino ndikukonza kafukufuku wanga womalizira digiri, ndipo ndigwiritsa ntchito njira imeneyi. Ndisanalembe khadi ngakhale limodzi, ndapempha azakhali kuti ndikakhale nawo pabenchi lawo sabata ziwiri, ndizingomvera zimene ogula amafunsa asanatulutse ndalama. Anandiyankha kuti ndibwere, koma ndikathandizenso kukazinga mtedza.