Chitunda cha ku Thetford

Alendo alanda dziko

M'chaka cha 1066, William, wolamulira dera la Normandy ku France, anawoloka nyanja ndi asilikali ake. Anagonjetsa Mfumu Harold pa nkhondo ya ku Hastings nalanda ufumu wa England. Anthu ake, Anormani, anali ochepa pakati pa eni dziko. Pofuna kudziteteza ndi kuopseza anthu, anamanga malinga ambirimbiri. Limodzi mwa malingawo linamangidwa m'tauni ya Thetford, m'chigawo cha Norfolk.

Anamanga bwanji?

Poyamba ankakumba ngalande yakuya yozungulira. Dothi lotuluka m'ngalandemo ankaliunjika pakati mpaka litakhala chitunda. Pamwamba pake ankamangapo nsanja yamatabwa. M'munsi munali bwalo lotchingidwa ndi mpanda wamitengo, momwe munali nyumba za asilikali, makola a akavalo ndi mosungira chakudya.

Chitunda cha ku Thetford n'chotalika pafupifupi mamita 20. Anachiunjika ndi choko, mwala woyera wofewa wopezeka m'deralo. Panalibe makina. Anthu wamba ogonjetsedwa ndiwo ankakumba ndi kusenza dothi, dengu ndi dengu, pomangira linga anthu amene anawalanda dziko.

N'chifukwa chiyani anasankha pamenepa?

Thetford inali tauni yaikulu masiku amenewo. Njira yakale ya Icknield Way inkawolokera mitsinje ya Thet ndi Little Ouse pomwepo. Mlonda ali pansanja ankaona aliyense wodutsa. Kale Anormani asanabwere, anthu ena anali atakumba kale ngalande zodzitetezera pamalopo, ndipo omanga linga anazigwiritsa ntchito.

Kugwa kwa linga

M'chaka cha 1173, ana a Mfumu Henry II pamodzi ndi nduna zina anaukira mfumuyo. Chaka chomwecho linga la ku Thetford linagwetsedwa. Zomangidwa pamwamba zinatha, koma chitunda chinatsala.

Lero

Tsopano chitundachi chamera udzu ndipo chili m'paki yomwe anthu amapitako kukayenda. Boma linachiika pa mndandanda wa malo akale otetezedwa. Lamulo la 1979 limaletsa kukumba, kumanga kapena kufufuza zitsulo pansi pamalo otere popanda chilolezo. Wophwanya lamuloli amaimbidwa mlandu.

Chitetezochi n'chofunika. Dothi likasokonezedwa, zimene likanatiphunzitsa zimatayika ndipo sizibwereranso. Mabuku akale analemba mayina a mafumu ndi nduna, koma osenza dothi aja sanalembedwe. Umboni wa thukuta lawo ndi chitunda chimenechi, n'chifukwa chake chiyenera kusungidwa.