Mano Obzalidwa M'nsagwada: Mmene Amagwirira Ntchito

Dzino likazulidwa, vuto silithera pa mpata umene watsala m'kamwa. Fupa la nsagwada limene linkagwira muzu limayamba kuchepa pang'onopang'ono chifukwa silikumvanso mphamvu ya kutafuna, ndipo mano oyandikana nalo amayamba kupendekera pampatapo. Mano oikirira amene munthu amavula usiku amathandiza kudya ndi kulankhula, koma saletsa fupalo kutha. Kubzala dzino m'nsagwada kumasiyana ndi njira zina chifukwa kumabwezeretsa muzu womwe.

Dzino lobzalidwa lili ndi zigawo 3. Choyamba ndi kachitsulo ka mazinga kooneka ngati sikuluwu, kamene kamalowa m'fupa m'malo mwa muzu. Chachiwiri ndi kolumikizira kamene kamatulukira pankhama. Chachitatu ndi mutu wa dzino, umene umapangidwa mofanana ndi mano enawo. Kachitsuloko kawirikawiri kamakhala ka titaniyamu, chitsulo chimene thupi silichikana.

Njirayi inatulukiridwa ndi dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark. Mu 1952, pofufuza kayendedwe ka magazi m'mafupa a akalulu, iye anaikamo tizipangizo ta titaniyamu ndipo anapeza kuti fupa lamatirira kuchitsulocho moti sichinkatheka kuchotsedwa. Mu 1965 anabzala mano oyamba mwa wodwala mumzinda wa Gothenburg, ndipo manowo anatumikira munthuyo zaka zoposa 40. Madokotala a mayiko ena anayamba kuivomereza kwambiri njirayi pambuyo pa msonkhano wa ku Toronto, Canada, mu 1982.

Ntchitoyi sichitika tsiku limodzi. Dokotala amayamba wajambula nsagwada kuti aone kukula kwa fupa ndi pamene mitsempha yadutsa. Akabaya mankhwala ochititsa dzanzi, amaboola fupa n'kulowetsamo kachitsulo. Kenako wodwala amadikira miyezi 3 mpaka 6 kuti fupa ligwirane nako, asanaikidwe mutu wa dzino. Ngati fupa lachepa kale, limafunika kuwonjezeredwa, ndipo nthawi imatalikirapo.

Si aliyense angalandire chithandizochi. Ana sabzalidwa mano chifukwa nsagwada zawo zikukulabe. Kusuta fodya, matenda a shuga osasamalidwa bwino ndi matenda a nkhama zimachititsa kuti fupa lisagwire bwino chitsulo. Kwa amene ayenerera, mano oposa 90 mwa 100 alionse amakhala akugwirabe ntchito patatha zaka 10. Dzino lotere silibooka, komabe nkhama ndi fupa zolizungulira zikhoza kudwala ngati mwini wake satsuka m'kamwa, ndipo likhoza kugwedera mpaka kuchoka.

Anthu ofunika thandizo la mano ndi ambiri. Lipoti la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO la mu 2022 linati anthu pafupifupi 3.5 biliyoni ali ndi matenda a m'kamwa, ndipo pafupifupi 23 mwa anthu 100 alionse a zaka 60 kapena kuposerapo alibiretu mano. M'mayiko a kum'mwera ndi pakati pa Africa, kubzala mano kumapezeka makamaka m'zipatala zolipira za m'mizinda ikuluikulu, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Madokotala a mano nawonso ndi ochepa: dziko la Malawi linayamba kuphunzitsa madokotala ake pamlingo wa digiri mu 2019, mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow.

Choncho kwa anthu ambiri m'chigawochi, chitetezo chenicheni ndi kusunga mano achibadwa: kutsuka kawiri patsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride, kuchepetsa zakudya ndi zakumwa za shuga, ndiponso kupita kuchipatala dzino likangoyamba kubooka, lisanafike pozulidwa.