ZA MPWEYA WOSEKETSA, NDI UMO UNALOWERA M'GALIMOTO

Amene anakhalapo pambali pa wosula makasu adziwa kuti makala okha sakhoza kufewetsa citsulo. Mnyamata wa pa mvukuto akalema, moto uzirala, angakhale makala ali mulu. Koma akacita camuna, moto womwewo uyera mbee, ndipo citsulo cigonja. Injini ya galimoto iri ndi njala yomweyo. M'kati mwace muli zipinda zonga mitondo, ndipo m'cipinda ciri conse petulo wosanganiza ndi mpweya aphulika, nakankha citsulo cimene acicha pisitoni, cokwera ndi kutsika ngati munsi. Kukankhako ndiko kutembenuza magudumu. Kuthira petulo wambiri nkosabvuta. Cobvuta ndi mpweya, pakuti cipinda cilandira muyeso wace wokha, ndipo mwa magawo 100 a mpweya tiupumawu, 21 okha ndiwo okosijeni amene moto udya. Petulo wosowa okosijeni angoturuka utsi wakuda.

Tsono mankhwala a njala imeneyi anapezeka injini ya petulo isanabadwe. Caka ca 1772 Joseph Priestley, mlaliki wa ku Leeds m'dziko la England, munthu wokonda kusanganiza zinthu m'mabotolo, anapanga mpweya wacilendo umene lero aucha nitrous oxide. Anaikamo kandulo yoyaka, naona lawi lace likula koposa umo licitira m'mpweya wamba. Analemba cimene anaona, napitirira kufunafuna zina. Kandulo ija inanena cinsinsi conse, koma zinapita zaka zoposa 160 anthu asanacitengere ku injini, cifukwa mpweyawo unayamba wachuka pa nchito zina.

Caka ca 1799, mnyamata wina wa zaka 20, dzina lace Humphry Davy, wogwira nchito kwa sing'anga Thomas Beddoes ku Bristol, anaupuma yekha kuti aone cimene ucita m'thupi. Anamva kupepuka mtima, naseka, nabvina, naitana abwenzi ace kuti adzalawe. Ndipo kucokera pomwepo unachuka ndi dzina lakuti mpweya woseketsa. M'buku lace la 1800 analemba kuti ungathandize poceka odwala, popeza uletsa kuwawa, koma asing'anga sanasamale mau ace. Zaka 44 zinapita, mpweyawo uli cosewera ca m'mabwalo, anthu nalipira ndalama kuti aone anzao ali dzandidzandi. Ndipo kunali, m'December 1844, Horace Wells, wozula mano wa ku Hartford m'dziko la Amereka, ali pa masewera otere, anaona munthu abvulala mwendo osamva kanthu. M'mawa mwace anaupuma yekha, namuuza mnzace amzule dzino, ndipo sanamve kuwawa. Atapita ku Boston caka cotsatira kukaonetsa asing'anga, wodwala anapfuula, ndipo anthu anamseka Wells. Anafa mu 1848 wosweka mtima. Koma kufikira lero ozula mano ndi anamwino a kocirira augwiritsa nchito.

Cimene cinakumbutsa anthu za kandulo ya Priestley ndi nkhondo. Pa nkhondo yaikuru yaciwiri, ya 1939 kufikira 1945, ndege yokhoza kukwera pamwamba pa inzace ndiyo inali yolakika. Koma kumwambako mpweya ucepa, ndipo injini ipuma wefuwefu monga munthu wokwera phiri lalitali. Caka ca 1940 Mjeremani wina wodziwa za makina, Otto Lutz, anakonza njira youthira m'injini, ndipo anaicha GM-1. Anaimanga m'ndege za Messerschmitt Bf 109 ndi zina. Woyendetsa akafika kumene injini ilefuka, anatsegula botolo, ndipo mphamvu inabwerera kwa kanthawi, kokwanira kupitikitsa mdani kapena kumthawa. Angerezi naonso anauyesa m'ndege zao zina za usiku zochedwa Mosquito.

Pano tiime pang'ono, owerenga athu, kuti timvetse nchito yace, pakuti ambiri ayesa kuti nitrous oxide ndi mafuta aukali. Iai, pa yekha sayaka. Kambewu kace kali konse kali ndi timagawo 2 ta naitirojeni ndi kamodzi ka okosijeni, tomangika pamodzi ngati mtolo. M'cipinda ca injini kutentha kukafika monga madigiri 300, pamene madzi awira pa 100, mtolowo umasuka, ndipo okosijeni aturuka kukakomana ndi petulo. Tikayesa kulemera, mpweya wamba uli ndi okosijeni magawo 23 mwa 100, koma uwu uli nao 36. Cotero m'cipinda comweco mukhoza kupsa petulo wocuruka, ndi kuphulika kukhala kwakukuru, ndi pisitoni akankhidwa kolimba. Mphamvu icokera kwa petulo monga kale. Nitrous oxide ndiye mvukuto cabe.

Palinso phindu laciwiri, ndipo ine ndiyesa ndilo lozizwitsa koposa. M'botolo mpweyawu ukhala ngati madzi, wopanikizidwa kuposa mpweya wa m'tayala la galimoto pafupifupi ka 30. Poturuka usanduka nthunzi mwadzidzidzi, nuzizira kufikira madigiri 88 kunsi kwa kuzizira kumene madzi auma nako. Mpweya wozizira ufinyana, kotero kuti wambiri ulowa m'malo ang'ono, monga thonje lopondereza m'thumba. Naitirojeni wotsalayo sapita cabe, pakuti afatsa moto pang'ono kuti usaphulike nthawi yace isanakwane.

Nkhondo itatha, ndege zankhondo zinasiya mapisitoni, ndipo nzeru ija inatsikira pansi, kwa anthu a ku Amereka okonda mipikisano ya magalimoto. Poyamba inali ya m'tseri. Caka ca 1976, poyesa liwiro la ofuna kulowa mpikisano wa Daytona 500, akuru a mpikisanowo anafafaniza nthawi za A. J. Foyt ndi Darrell Waltrip, powaganizira kuti m'magalimoto mwao munabisika mpweyawu. Caka ca 1978 Mike Thermos ndi Dale Vaznaian anayamba kampani ya Nitrous Oxide Systems ku California, yogulitsa botolo, mipope ndi zotsegulira pamodzi, kuti munthu wamba akamange yekha kwao. Malo ace eni eni anakhala mipikisano yaifupi, ya mtunda woongoka wa mamita 402, kumene masekondi owerengeka aweruza mlandu wonse. Kanema wa 2001, The Fast and the Furious, anaubukitsa m'maiko onse, ngakhale anaonjezapo zace zokometsa nkhani.

Wina adzafunsa: nanga alekeranji kuumanga m'lole yosenza cimanga, yolira pa citunda? Cifukwa coyamba ndi cakuti botolo la mapaundi 10 litha m'mphindi zowerengeka. Woyendetsa akanikiza masekondi 10 kapena 15, naleka. Pa kanthawi ameneko injini ya galimoto wamba ikhoza kulandira mphamvu ya akavalo 50 kapena 100 pamwamba pa yace, koma zitsulo zace sanazisulire katundu wotere. Caciwiri ndi coopsa koposa. Okosijeni akacuruka, petulo osamuonjeza muyeso wolingana, moto ukalipa, nusowa cakudya, nuyamba kudya citsulo comwe: pisitoni asungunuka kapena aboka, ndipo injini yonse ikhoza kutha m'kamphindi. Cifukwa cace amisiri odziwa ayesa mosamala timabowo tolowera petulo ndi mpweyawo, nacedwetsa pang'ono nthethe ya pulagi, naletsa kutsegula botolo injini iri kuyenda pang'onopang'ono. Wothamangira kugula botolo lalikuru asanalimbitse injini yace kawirikawiri abwerera kwao pa cingwe, cokokedwa ndi galimoto wa mnzace.

Ndipo popeza mpweya wa m'galimoto ndi womwe uja unabvinitsa Davy ku Bristol, ogulitsa ambiri asanganizamo pang'ono sulfur dioxide, mpweya wa pfungo lotsamwitsa, kuti wofuna kuupuma m'botolo akhosomole, naleke.