Lonjezo Lopanda Tsiku: Phunziro la Aroma ndi la Thangata

Anzanga amene tinakhalira limodzi m'kalasi, tonse tinakula tikumva mawu akuti "ndibweza tikakolola." Pa msika wa Ntaja kapena wa Ulongwe munthu amakongola chimanga popanda kutchula tsiku, komabe mwezi wa May ukatha mwini chimanga amayamba kuyang'ana kunjira. Tsiku silinanenedwe, koma onse awiri akulidziwa. Nkhani imeneyi ndi yakale kwambiri, ndipo inavutitsapo akatswiri a malamulo a ku Rome.

M'chaka cha 533 mfumu Justinian inasonkhanitsa maganizo a akatswiriwo m'buku lotchedwa Digest. Lamulo lawo linali lakuti ngongole yopanda tsiku iyenera kubwezedwa nthawi yomweyo. Koma iwo anaona kuti malonjezo ena amabwera ndi nthawi yakeyake. Munthu ali ku Rome akalonjeza kukapereka ndalama ku Ephesus, tsidya lina la nyanja, sangaimbidwe mlandu mawa lake. Woweruza ankayesa masiku amene munthu wakhama angayende: osati wothamanga usana ndi usiku m'namondwe, komanso osati wozengereza panjira. Chimodzimodzinso wolonjeza kumanga nyumba ankapatsidwa nthawi imene mmisiri wakhama angathere ntchitoyo. Chofunika kuchiona n'chakuti woyesa nthawiyo anali munthu wapadera, osati mmodzi wa opanganawo.

Kuno kwathu tinaona zimene zimachitika woyesa nthawi akakhala mwini mphamvu. Mawu akuti thangata poyamba ankatanthauza kuthandizana ntchito. Koma kuyambira m'chaka cha 1892, Harry Johnston atayamba kupereka zikalata za malo kwa azungu, mawuwa anasintha fungo. Anthu okhala pa esiteti, ambiri mwa iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, ankagwira ntchito mwezi umodzi m'malo mwa lendi, ndi mwezi wina wa msonkho wa nyumba. Pangano linali lapakamwa chabe.

Nanga mwezi ndi masiku angati? Nanga ndi mwezi uti? Apa ndi pamene panagona nkhanza. Pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kumwera kwa Zomba, mwezi sunkawerengedwa pa kalendala koma pa tikiti. Munthu akapanda kutsiriza ndime yake, tsikulo silinkalembedwa, ndipo mwezi umodzi unkatalika mpaka masabata 6 kapena kupitirira. Choipitsitsa, ntchitoyo inkafunidwa nthawi ya dzinja, pamene munda wa mwini wake ukufuna khasu. Wopalira thonje la mzungu ankakolola njala kwawo.

Pa 23 January 1915 anthu a Mbusa John Chilembwe anaukira, ndipo anapha William Jervis Livingstone, woyang'anira minda ya ku Magomero. Zifukwa za kuukirako zinali zambiri, koma thangata linali pakati penipeni. Boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo m'chaka cha 1917 lofuna kuti lendi izilipidwa ndi ndalama, koma silinaphule kanthu. Lina la 1928 linalola kulipira ndi ndalama, mbewu kapena ntchito. Thangata linathetsedwa m'chaka cha 1962, patatha zaka 47 chiukirireni Chilembwe.

Makolo athu a ku Machinga ndi Balaka sanawerenge Digest, komabe nzeru yake anali nayo. Mkamwini sauzidwa kuti adzalima zaka zingati kwa apongozi, koma akachedwetsedwa kupatsidwa munda wake, ankhoswe amakhala pansi n'kuweruza. Nayonso ngongole ya chimanga ikavuta imapita kwa a mfumu. Makhoti athu, potsatira malamulo a ku England amene anafika kuno m'chaka cha 1902, amafunsanso funso lomwelo: kodi nthawi yoyenera yadutsa?

Tsono ndibwere pakhomo. Pa misonkhano ya bungwe lathu timaimika manja kulonjeza matumba a simenti, malata ndi mabuku. Mlembi amalemba mayina, koma tsiku salemba. Ena a ife tayesa kuti lonjezo lotere lilibe malire. Mroma akanatifunsa kuti munthu wakhama akanatenga miyezi ingati. Agogo athu akanangoloza mitambo. Denga lodontha lili ndi tsiku lake, ndilo tsiku la mvula yoyamba. Paja akulu anati mlandu suwola. Tiyeni tikwaniritse zimene tinalonjeza mvula isanagwe.