Momwe akatswiri amaunikira mauthenga a wailesi m'mafakitale

M'mafakitale oyenga mafuta, m'migodi ndi m'malo opopera madzi, zipangizo zambiri zopima kutentha, mphamvu ya mpweya m'mapaipi ndi kuchuluka kwa madzi m'matanki zimatumiza zomwe zapeza kudzera m'mafunde a wailesi. Njirayi imapulumutsa ndalama zoyalira mawaya, koma ili ndi vuto lake: mawaya akaduka amaoneka ndi maso, pomwe uthenga ukatayika mumlengalenga susiya chizindikiro. N'chifukwa chake mainjiniya amamvetsera ndi kusunga mauthenga odutsa pa netiweki, kuti zinthu zikasokonekera adziwe gwero lake.

Momwe netiweki imayendera

Imodzi mwa njira zotchuka m'mafakitale ndi WirelessHART, yomwe idatuluka mu 2007 ndipo bungwe la IEC lidaivomereza mu 2010. Ina ndi ISA100.11a. Zonse ziwiri zimagwiritsa ntchito mafunde a 2.4 GHz potsatira muyezo wa IEEE 802.15.4, womwe uli ndi matchanelo 16 m'mafundewa.

Pa WirelessHART, sekondi iliyonse imagawidwa m'timagawo 100, ndipo chipangizo chilichonse chimapatsidwa kagawo kake kolankhulira kuti zisalankhulirane pakamwa. Zipangizozi zimadumphadumpha pamatchanelo 15, komanso zimapatsirana uthenga mpaka utafika ku chipangizo chachikulu chotchedwa gateway, chomwe chimaupereka ku kompyuta ya m'chipinda choyang'anira fakitale. Njira imodzi ikatsekeka, uthenga umadzera ina.

Ubwino umenewu umathanso kubisa vuto. Netiweki imatha kuoneka yabwinobwino pomwe mauthenga akungofika atayesa kangapo, mpaka tsiku lomwe njira yomaliza idzatsekeke.

Zomwe amapima

Choyamba ndi mphamvu ya mafunde pofika kwa wolandira, yotchedwa RSSI, yomwe imawerengedwa mu dBm. Nambala ya -60 ikusonyeza mafunde amphamvu kuposa -85, ndipo -85 ndiwo mlingo womwe muyezo wa IEEE 802.15.4 umafuna kuti chipangizo chilichonse chizitha kumva.

Chachiwiri ndi kukhazikika kwa njira: mwa mauthenga omwe chipangizo chatumiza kwa chinzake, ndi angati afika ulendo woyamba. Chachitatu ndi nthawi yomwe uthenga umatenga kuti ufike ku gateway. Amaonanso mphamvu ya batire ndi chiwerengero cha zipangizo zoyandikana nazo. Kampani ya Emerson, yomwe imapanga zipangizozi, imalangiza kuti chilichonse chikhale ndi zinzake zosachepera zitatu zolankhula nazo.

Zida zogwiritsa ntchito

Gateway imasonkhanitsa malipoti omwe zipangizo zimatumiza nthawi ndi nthawi, ndipo kufufuza kumayambira pamenepo. Kenaka pali chida chomvetsera, chomwe chimatola mauthenga mumlengalenga osatumiza kalikonse. Popeza zipangizo zimadumphadumpha, chidachi chimayenera kumvetsera matchanelo onse nthawi imodzi. Zomwe chatola zimawerengedwa ndi mapulogalamu a pakompyuta monga Wireshark, yomwe Gerald Combs adaiyambitsa mu 1998 ili ndi dzina loti Ethereal. Mauthenga a WirelessHART amatsekedwa ndi njira yachinsinsi ya AES-128, choncho wopanda kiyi amangoona nthawi ndi njira yomwe adutsa, osati nkhani yomwe anyamula.

Chida chachitatu ndi spectrum analyser. Ichi sichiwerenga uthenga koma chimaonetsa phokoso lonse la mafunde pamalopo, kuphatikizapo lochokera ku Wi-Fi, Bluetooth ndi ma uvuni a microwave, zomwe zimagwiritsanso ntchito 2.4 GHz.

Kuzindikira nthenda

Monga dokotala, injiniya amaphatikiza zizindikiro. Mafunde akakhala amphamvu koma mauthenga n'kumatayika pamatchanelo ochepa okha, nthawi zambiri pali china chomwe chikusokoneza. Tchanelo imodzi ya Wi-Fi imaphimba matchanelo anayi a 802.15.4. Mankhwala ake ndi kusuntha Wi-Fi kapena kuletsa netiweki kugwiritsa ntchito matchanelowo.

Mafunde akafooka pamatchanelo onse, vuto limakhala mtunda, eriyo yoonongeka kapena chitsulo chomwe chatchinga, monga thanki yatsopano. Batire ya chipangizo chimodzi ikamatha msanga, mwina chikusenza mauthenga a zinzake zambiri, ndipo chikazima zonsezo zidzasowa podzera. Apa amaikapo chipangizo china chothandizira kupatsira mauthenga.

Phunziro la ku Maroochy

Nthawi zina vuto limakhala munthu. Mu 2000, ku Maroochy Shire m'chigawo cha Queensland ku Australia, mapampu a zonyansa zam'zimbudzi omwe ankalamulidwa pa wailesi adayamba kuzima okha, ndipo mabelu ochenjeza sankalira. Malita pafupifupi 800,000 a zonyansa adatayikira m'mitsinje, m'mapaki ndi pabwalo la hotela ina.

Poyamba akatswiri ankaganiza kuti makina ndiwo aonongeka. Atayamba kusunga ndi kuunika mauthenga onse a pawailesi, adapeza kuti malamulo ena akuchokera ku chipangizo chomwe chinkadzitcha ndi nambala ya siteshoni ina yamapampu. Apolisi adagwira mwamuna yemwe kale ankagwira ntchito ku kampani yomwe idaika makinawo, ali ndi kompyuta ndi wailesi m'galimoto. Mu 2001 khoti lidamulamula kukakhala kundende zaka ziwiri.

Nkhaniyi imaphunzitsidwa mpaka lero chifukwa ikuonetsa kuti chachilendo amachizindikira ndi yemwe akudziwa momwe netiweki imamvekera ikakhala bwino. Choncho akatswiri amajambula mauthenga makina akangoikidwa kumene, kuti akhale ndi poyerekezera mtsogolo. Kusokoneza kukachokera kunja kwa mpanda wa fakitale, nkhaniyo imapita ku bungwe loyang'anira mafunde a wailesi m'dzikomo, lomwe kuno ku Malawi ndi MACRA.