Tinasintha Mabuku, Nanga Chimangirizo?

Aliyense wa ife pano pa koleji anadutsa m'kalasi ya Chingerezi ya ku sekondale, ndipo m'kalasimo tinapatsidwa zinthu ziwiri: mabuku oti tiwerenge ndi chimangirizo choti tilembe. Tinazilandira monga mwana alandirira nsima, osafunsa kumene chimanga chinalimidwa. Komatu zonse ziwiri zili ndi mbiri yake, ndipo popeza ambiri a ife tikamaliza maphunziro tidzagwira choko, ndaona kuti nkoyenera kuilondola mbiriyo. Mfundo yanga ndi yakuti akuluakulu amene anatitsogolera anamenya nkhondo yosintha mabuku ndipo anapambana, koma nkhondo ya chimangirizo anatisiyira ife.

Tiyambe ndi ganizo lakuti pali nkhani zolembedwa za dziko lonse lapansi, zimene mwini wake ndi munthu aliyense. Amene analitchukitsa ndi mlakatuli wa ku Germany, Johann Wolfgang von Goethe. M'chaka cha 1827, ali nkhalamba ya zaka 77, anali kuwerenga nthano ya ku China yomasuliridwa, ndipo anauza mnzake wachinyamata, Johann Peter Eckermann, kuti anthu a m'bukumo anali kuganiza ndi kumva monga momwe amachitira anthu akwawo. Kwa iye ichi chinali chizindikiro chakuti nyengo yafika yoti mitundu ya anthu iziwerengerana mabuku. Nachonso chimangirizo chili ndi kholo lake, Mfalansa wotchedwa Michel de Montaigne, amene m'chaka cha 1580 anasindikiza zolemba zake nazitcha Essais. Liwuli m'Chifalansa limatanthauza kuyesa. Montaigne ankatenga mutu, kaya ubwenzi, kaya imfa, kaya kaleredwe ka ana, nkuyamba kuyesa maganizo ake pa mutuwo asanadziwe kumene akathere. Ndipo pa nkhani ya ana anadzudzula kwambiri maphunziro ongoloweza. Tsono tione kuti pachiyambi zinthu ziwirizi zinali za ufulu: ufulu wowerenga za kutali, ndi ufulu woyesa nzeru zako.

Koma pofika kwa ife zinadzera njira ina, njira ya atsamunda. M'chaka cha 1835, ku India, Thomas Babington Macaulay analemba chikalata cholangiza boma kuti ndalama za maphunziro zizipita ku sukulu zophunzitsa m'Chingerezi. Iye anavomera yekha kuti sadziwa Chisansikiriti kapena Chiarabu, komabe anagamula kuti shelefu imodzi ya mabuku abwino a ku Ulaya iposa zolembedwa zonse za India ndi Arabia. Taonani kusiyana kwake: Goethe anawerenga buku la alendo napezamo abale, pamene Macaulay anaweruza mabuku amene sakanatha kuwawerenga. Bwanamkubwa William Bentinck anavomereza malangizowo, ndipo maganizo amenewa anafalikira kulikonse kumene mbendera ya Britain inakwezedwa.

Chimene chinakhomerera msomali ndi mayeso. M'chaka cha 1858 yunivesite ya Cambridge inakhazikitsa bungwe loyesa ana a m'sukulu, ndipo patapita nthawi mayeso ake anafika m'maiko olamulidwa ndi Britain. Kuno ku Nyasaland sekondale zinachedwa kubwera: ya Blantyre inatsegulidwa mu 1940, ya Akatolika ku Zomba mu 1942, ndipo ya boma ku Dedza mu 1951. Ana owerengeka amene analowa m'sukuluzi cholinga chawo chinali setifiketi ya Cambridge, yomwe mafunso ake ankakonzedwa ku England. Chomwecho mnyamata wa ku Dedza ndi mnzake wa ku Alliance High School ku Kenya ankaweramira mabuku a mtundu umodzi, a Shakespeare, a Dickens ndi alakatuli a Chingerezi. Dziko lonse la Goethe linali litachepa nkusanduka chilumba chimodzi.

Apa mpamene chimangirizo chinasinthira nkhope. Wochonga mayeso amene ali ndi mulu wa mapepala a ana osawadziwa safuna kudabwitsidwa. Afuna mfundo zimene angathe kuziwerenga ndi chala nkupereka malikisi. Mphunzitsi naye, podziwa kuti tsogolo la mwana ndi la banja lake lagona pa pepala limodzi, sangalole kuti mwanayo akayese maganizo atsopano m'chipinda cha mayeso. Njira yosaphonya ndi kumulembera manotsi pa bolodi kuti akopere ndi kuloweza. Sindikuwanyoza aphunzitsi a nthawi imeneyo, chifukwa anachita zimene zikanapulumutsa ana awo. Koma zotsatira zake nzakuti chinthu chimene dzina lake ndi kuyesa chinasanduka malo amene kuyesa nkoletsedwa.

Nkhondo ya mabuku inayamba maiko a mu Africa ali pakhomo pa ufulu. Mu June 1962, pa koleji ya Makerere ku Kampala, panasonkhana alembi a mu Africa olemba m'Chingerezi, ena mwa iwo Chinua Achebe, Wole Soyinka, Christopher Okigbo ndi Ezekiel Mphahlele. Panalinso wophunzira wa pakolejipo, James Ngugi, amene pambuyo pake anadziwika kuti Ngugi wa Thiong'o. Iye anapereka zolemba zake kwa Achebe, ndipo mu 1964 linatuluka buku lake lotchedwa Weep Not, Child. Chaka chomwecho cha 1962 kampani ya Heinemann inayamba mndandanda wa African Writers Series, mabuku otsika mtengo amene sukulu zikanatha kugula. Loyamba linali Things Fall Apart la Achebe, lomwe linali litatuluka kale mu 1958, ndipo mu 1966 munalowanso No Easy Task la Mmalawi mnzathu Aubrey Kachingwe. Kuyambira apo panalibenso wonena kuti mabuku a mu Africa oti ana aphunzire kulibe.

Komabe kupezeka kwa mabuku sikulowa kwake mu silabasi. Mu October 1968, pa koleji ya yunivesite ku Nairobi, aphunzitsi atatu, Ngugi, Henry Owuor-Anyumba ndi Taban lo Liyong, analemba chikalata chofuna kuti dipatimenti ya Chingerezi ithetsedwe, ndi kuti m'malo mwake mukhale ya zilankhulo ndi zolembedwa za mu Africa. Anthu ambiri amaganiza kuti atatuwa ankafuna kutaya Shakespeare kudzala. Ayi ndithu. Funso lawo linali la pakati: wophunzira ayambire pati? Iwo anati ayambire pa nthano, nyimbo ndi miyambi ya kwawo, kenaka afike ku Africa yense, ku West Indies ndi kwa anthu akuda a ku America, ndipo apitirire mpaka ku Ulaya yense, osati England yekha. Kunena zoona, iwo ndi amene anabwezera dziko lonse m'kalasi. Mu 1974 mkanganowu unatsikira ku sekondale pamene aphunzitsi anasonkhana pa Nairobi School kukambirana za kaphunzitsidwe ka mabuku a mu Africa m'sukulu za ku Kenya, ndipo m'zaka zotsatira nkhani za mchezo zinapeza malo mu silabasi ya kumeneko.

Tisaiwalenso kuti Aafirika ena anali atamutenga kale Shakespeare nkumukhazika pa mphasa ngati mlendo wolemekezeka, osati ngati bwana. Sol Plaatje wa ku South Africa anamasulira The Comedy of Errors m'Chitswana nalisindikiza mu 1930, ndipo Julius Nyerere, ali mtsogoleri wa dziko, anatulutsa Julius Caesar m'Chiswahili mu 1963. Paja akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Vuto silinali mlendoyo, koma kuuzidwa kuti m'mudzi mwathu munalibe lumo.

Kuno kwathu zinthu zinayenda mwa mtundu wina. Zolembedwa za m'chilankhulo chathu zinalipo kale, pakuti Nthondo ya Samuel Josia Ntara inatuluka mu 1933, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young anaitulutsa m'Chingerezi ndi dzina lakuti Man of Africa. Mu 1968 Chichewa chinalengezedwa kukhala chilankhulo cha fuko, koma chaka chomwecho nchimenenso Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lokhazikitsa bungwe lounika ndi kuletsa mabuku, mafilimu ndi zisudzo. Kotero pamene a ku Nairobi ankakangana poyera za mabuku oyenera kulowa m'kalasi, mphunzitsi wa kuno ankayamba wafunsa ngati bukulo nlololedwa. Gulu la alembi la ku Chancellor College, lomwe linayamba mu 1970, linaphunzira kulankhula mophiphiritsa. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, linatuluka mu 1981, koma m'kati mwa zaka za m'ma 1980 linachotsedwa m'sukulu ndi m'masitolo, ndipo mwini wake anatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu kuyambira 1987 mpaka 1991. Mu 1981 momwemo Dr. Banda anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, m'boma la Kasungu, kumene Chilatini ndi Chigiriki zinapatsidwa ulemu waukulu.

M'nyengo yotere mwana wa sukulu sakanaphunzira kulemba zimene akuganiza, pakuti ngakhale akuluakulu ankayamba acheuka asanatsegule pakamwa. Mayeso anali atachoka m'manja mwa Cambridge nkubwera m'manja mwa Amalawi m'zaka za m'ma 1970, koma chizolowezi choloweza, chimene chinabadwa chifukwa choopa wochonga wakutali, chinapeza chifukwa chachiwiri chokhalira ndi moyo. Ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994, mabuku anamasuka. Smouldering Charcoal la Tiyambe Zeleza, lotuluka mu 1992, lomwe limakamba za nkhanza za ulamuliro wopondereza, linafika powerengedwa ndi ana okonzekera mayeso a Fomu 4. Chimenechi nchipambano chenicheni, ndipo amene anachimenyera ngoyenera kuwavulira chipewa.

Nanga chimangirizo chinamasuka? Ndikambe zimene ndinaona ine. Pa sekondale ina ya masana imene ndinaphunzirapo tinawerenga Macbeth wa Shakespeare ndi The Pearl la John Steinbeck wa ku America, lomwe linatuluka mu 1947. Bukuli limasimba za Kino, mmphawi wa m'mphepete mwa nyanja ku Mexico, amene mwana wake analumidwa ndi chinkhanira koma dokotala anakana kumuthandiza chifukwa analibe ndalama. Kino atapeza ngale yaikulu, ogula a m'tauni, omwe onse anali antchito a munthu mmodzi, anapangana kuti amuuze mtengo wonyozeka. M'kalasi mwathu munali ana a alimi amene anaonapo makolo awo akuyenda kuchoka pa sikelo iyi kupita pa inzake ndi thumba la nandolo, nkupeza kuti mavenda onse akutchula mtengo umodzi. Anawo ankamudziwa Kino kuposa mmene kabuku kalikonse ka manotsi kakanamufotokozera. Komabe pamene tinauzidwa kulemba za dyera m'bukuli, tonse tinalemba mfundo zinayi zomwezo, m'ndondomeko yomweyo, ndi mawu oyamba ndi omaliza ofanana ngati njerwa za m'chikombole chimodzi. Palibe anatchula nandolo, popeza palibe anatiuza kuti zimene tikudziwa ife nazonso ndi umboni.

Wina anganene kuti mwana ayenera kudziwa kaye kamangidwe ka ndime asanayambe kuuluka, ndiponso kuti mphunzitsi wa kalasi yodzaza, imene ana angapo amalimbirana buku limodzi, alibe nthawi yowerenga maganizo a aliyense. Zonsezi nzoona, ndipo amene sanaimepo kutsogolo kwa kalasi asafulumire kuweruza. Mawu oyamba, thunthu ndi mawu omaliza ndi mitengo ya nyumba, ndipo popanda iyo denga limagwa. Koma nyumba imamangidwa kuti mukhale munthu. Sizifuna ndalama kuti mphunzitsi, ngakhale kamodzi pa teremu, afunse funso limene yankho lake mulibe m'manotsi. Afunse kuti, kodi Kino akanakhala msodzi wa ku Nkhotakota, akanapita kwa yani? Kodi afiti a mu Macbeth anamulodza, kapena anangomuuza zimene zinali kale mumtima mwake? Afunse, kenaka apereke malikisi kwa mwana amene wateteza yankho lake ndi umboni wa m'buku, ngakhale yankholo litasiyana ndi la mphunzitsiyo.

Zimene atatu aja a ku Nairobi ananena zokhudza silabasi zikhudzanso pepala la mwana mmodzi: ayambire pamene waima, kenaka ayang'ane kutali. Tikapanda kutero, tidzakhala titangochotsa Dickens nkuikapo Achebe kuti nayenso alowezedwe, ndipo Macaulay adzakhala atapambana ngakhale shelefu yake itagwa. Anzanga a m'gulu lino, ife timakumana kuti tiwerengerane zolemba ndi kutsutsana mopanda mantha, mwayi umene otitsogolera anaulipira ndi ndende. Ambiri a ife posachedwa tidzapatsidwa Fomu 3 pa sukulu ina ya kumudzi, ndi mulu wa makope oti tichonge pofika Lolemba. Tsiku limenelo, mwana wina akadzalemba za nandolo za amayi ake poyankha funso la Steinbeck, cholembera chofiira chidzakhala m'manja mwathu.